CHITSIME, CHIMBUDZI NDI KHASU: NKHONDO YATHU NDI KOLERA

Abale ndi alongo a m'koperativa, mwezi wa Januwale tonse timaudziwa. Mvula ili mkati. Chimanga chafika m'mawondo, udzu nawo ukuthamanga. Ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga aliyense khasu lili m'manja, kupalira ndi kubandira. Tsiku limodzi likatayika nthawi imeneyi, nkhokwe imadzadandaula pokolola.

Tsono taganizani za mnzathu mmodzi. Ndi bambo wamphamvu, wa ana anayi. Walawirira kumunda wa koperativa. Dzuwa litafika pamutu wamva ludzu. Watsikira kukamtsinje, wamwa madzi ndi manja. Madziwo anali ozizira bwino, ooneka oyera. Mawa lake madzulo mimba yayamba. Watsekula kamodzi, kawiri, kachitatu. Pofika pakati pa usiku sakuthanso kuima.

Mkazi wake akuti, "Alamu, tiyeni tidikire kuche, tione m'mene adzukire."

Mlamu akuti, "Iyayi mlamu, matenda awa si wamba. Apa pali dzanja la munthu."

Onse awiri amamukonda wodwalayo, koma onse awiri alakwa. Akadikira kuti kuche, mwina mnzathuyo sadzaliona dzuwa. Ndipo palibe amene wamulodza. Matenda amenewa ali ndi dzina, ali ndi njira imene amayendamo, ali ndi mankhwala. Dzina lake ndi kolera.

KODI KOLERA NDI CHIYANI?

Kolera ndi matenda a m'mimba. Amayamba ndi tizilombo tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Madokotala amatitcha Vibrio cholerae. Tizilombo timeneti timalowa pakamwa, pamodzi ndi madzi kapena chakudya. Tikafika m'matumbo timaswana ndi kutulutsa ululu. Ululuwo umachititsa matumbo kutaya madzi a m'thupi.

Kuchokera pamene munthu wameza tizilombo kufikira pamene ayamba kudwala pamapita maola 12, mwina masiku awiri, osapitirira masiku asanu.

Zizindikiro zake ndi izi. Munthu amatsekula madzi okhaokha, otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Amasanza. Miyendo imakokana. Maso amalowa m'kati. Lilime limauma. Mkodzo umachepa kapena kusiyiratu. Mukatsina khungu la pamimba, limachedwa kubwerera. Kwa khanda, liwombo limalowa.

Alimi tonse tinaonapo mbande ya tomato yosathiriridwa. M'mawa ili chilili, masana yagwa. Munthu wa kolera ali chimodzimodzi. Chimene chimamupha ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo zimatheka m'maola ochepa. Mwa odwala kwambiri amene salandira chithandizo, mpaka theka angathe kufa. Koma chithandizo chikafika msanga, mwa odwala 100 wofa safika ngakhale mmodzi.

NJIRA IMENE AMAYENDAMO

Apa tisachite manyazi, titchule zinthu ndi mayina ake. Kolera amachoka m'manyi a munthu ndi kukalowa m'kamwa mwa munthu wina. Njira yake ndi imeneyi basi. Sayenda ndi mphepo ngati chimfine. Sabwera ndi udzudzu ngati malungo.

Tibwerere kukamtsinje kuja. Kumtunda kwake, masiku awiri m'mbuyomo, munthu wina wapaulendo anadzithandiza patchire. Usiku mvula inagwa. Madzi anakokolola zonyansazo ndi kuzitsitsira mumtsinje. Mnzathu anamwa kumunsi.

Nanga wapaulendoyo ankadwala? Mwina ayi. Ichi ndi chinthu chofunika kuchimvetsa. Anthu ambiri amene tizilombo ta kolera tawalowa sadwala konse, kapena amangotsekula pang'ono. Amayenda, amalima, amapita kumsika. Komabe tizilombo timatuluka m'manyi awo kwa masiku angapo, mpaka masiku 10. N'chifukwa chake chimbudzi ndi cha aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe.

Onyamula tizilomboti ndi anayi: madzi, manja, ntchentche ndi chakudya. Madzi a mumtsinje, a m'dambo ndi a m'chitsime chosavundikira. Manja osasamba amene agwira nsima, chikho kapena bere la mwana. Ntchentche imene yachoka patchire ndi kutera pa ndiwo. Masamba othiriridwa ndi madzi oipa, thobwa losungunulidwa ndi madzi osaphitsa, mango otola pansi ndi kudya osatsuka.

Ena amati mango ndiwo amabweretsa matenda, poti matendawa amachuluka nyengo ya mango. Mango alibe mlandu. Mlandu uli ndi dothi limene agwerapo ndi manja amene awatola.

NKHANI YA MJIGO WA KU LONDON

Kodi anthu anadziwa bwanji kuti kolera amayenda ndi madzi? Kale ngakhale madokotala a ku Ulaya ankati matendawa amabwera ndi fungo loipa. Mu 1854 kolera anagwa m'dera lina la mzinda wa London, ku England. M'masiku 10 okha anthu oposa 500 anafa.

Dokotala wina dzina lake John Snow anayenda khomo ndi khomo. Pa nyumba iliyonse ya maliro ankafunsa kumene banjalo limatunga madzi. Analemba zonse papepala. Ataona zolembazo anapeza kuti ambiri mwa akufawo ankamwa madzi a pa mjigo umodzi, wa mumsewu wa Broad Street. Anapita kwa akuluakulu a deralo, ndipo iwo anachotsa chogwirira cha mjigowo. Pambuyo pake zinadziwika kuti dzenje la zonyansa la nyumba ina linali pafupi kwambiri ndi chitsimecho, ndipo linkadontheramo.

Taonani zida zimene dokotalayu anagwiritsa ntchito: miyendo, mafunso, pensulo ndi pepala. Ife amene taphunzira kuwerenga ndi kulemba zida zimenezi tili nazo. M'mudzi mukadwala anthu atatu, tilembe mayina awo, tsiku limene anayamba, ndi kumene amatunga madzi. Pepala limenelo tipite nalo kuchipatala.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Mvula imene imatipatsa chimanga ndi yomweyo imene imatsegulira kolera njira. Imadzaza zimbudzi zosazama. Imagwetsa zimbudzi zosalimba. Imasakaniza madzi a patchire ndi madzi a m'chitsime.

Dziko lathu laziona zimenezi. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anawomba mzinda wa Beira. Mipope inawonongeka, zimbudzi zinasefukira. Pasanathe milungu iwiri kolera anabuka, ndipo anthu oposa 6,000 anadwala. Mu Seputembala 2022 matendawa anayamba m'boma la Lago, ku Niassa, m'mbali mwa nyanja, kenaka anafalikira zigawo zina, kuphatikizapo Tete. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atawomba Quelimane, odwala anachuluka koposa. Kwa abale athu ku Malawi, mliri umene unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700.

Ife timagula ndi kugulitsa m'misika ya m'malire. Timadutsa pa Calómuè ndi pa Zóbuè kupita ku maukwati ndi ku maliro. Kolera safuna chiphaso podutsa malire. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikamva kuti tsidya lija kwagwa kolera, tisati n'zawo. Tiyambe kukonzeka tsiku lomwelo.

CHIMBUDZI

Mpanda woyamba ndi chimbudzi. Mu 1976, chaka chimodzi chitapita chilandirire ufulu, dziko lathu linayamba ntchito yakuti banja lililonse likumbe chimbudzi. Anthu anakumba zambiri. Koma zambiri zinagwa, makamaka m'dothi la mchenga, ndipo zina zinalibe chovundikira. Anthu anaphunzirapo kanthu. Kuyambira 1979 ku Maputo anayamba kuumba laje ya simenti yozungulira, yokwera pakati, yokhala ndi chotsekera pabowo. Phunziro lake ndi lakuti kukumba kokha sikukwanira. Chimbudzi chiyenera kulimba, chiyenera kutsekedwa, ndipo chiyenera kugwiritsidwa ntchito.

Pokumba titsate izi. Chikhale kumunsi kwa chitsime, osati kumtunda. Chitalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa. Dzenje lisafike pa madzi a pansi. Kumene dothi ndi lofewa, timange m'mbali mwa dzenje ndi njerwa kapena miyala. Pamwamba tiyale laje, kapena mitengo yolimba yosadyedwa msanga ndi chiswe, ndi kutsira bwino. Tikweze dothi kuzungulira kuti madzi a mvula asalowe. Tifolere denga. Bowo likhale ndi chotsekera cha mpini, kuti ntchentche zisalowe ndi kutuluka. Tizithiramo phulusa.

Agogo ena amati, "Mwanawe, manyi a khanda alibe kanthu." Pepani agogo, ali ndi kanthu. Tizilombo timakhalamo ngati mwa wamkulu. Tiwataye m'chimbudzi. Madzi ochapira matewera tiwathirenso momwemo, osati pafupi ndi chitsime.

Nanga kumunda, kumene timakhala tsiku lonse? Munda wa koperativa ukhale ndi chimbudzi chake. Kudimba nakonso. Mukapanikizika kutali, khasu muli nalo. Pitani kutali ndi mtsinje, kumbani kadzenje, mukatha kwirirani.

MADZI

Mpanda wachiwiri ndi madzi abwino. Madzi ooneka oyera sindiye kuti ndi abwino. Mnzathu uja anamwa madzi oyera.

Chitsime tichimangire khoma pakamwa ndi kuchivundikira. Tichitchingire mpanda kuti ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zisafike. Tikumbe ngalande yochotsa madzi otayika. Chikhale ndi ndowa imodzi ndi chingwe chimodzi, zosagona pansi. Kuchapa ndi kusamba kukhale patali.

Madzi akumwa tiwaphitse mpaka abwadamuke, ndipo abwadamuke mphindi imodzi yathunthu. Nkhuni zikavuta, tithire mankhwala a klorini, monga Certeza. Kachivindikiro kamodzi ka botolo lake kamakwana chigubu cha malita 20. Tikhutchumule, tidikire mphindi 30, kenaka timwe. Madzi akakhala a matope, tiyambe tawasiya adikhe ndi kuwasefa pa nsalu yoyera. Malangizo alembedwa pa botolo. Tsopano timatha kuwerenga, tiwawerenge.

Madzi abwino amaipanso m'nyumba. Mtsuko ukhale wovundikira. Chikho chotungira chikhale chimodzi, cha mpini wautali, chosamwera. Popita kumunda, gulu lililonse litenge chigubu cha madzi okonzedwa kale. Chigubu chimenecho chikanakhalapo, mnzathu sakanatsikira kumtsinje.

Pali bodza limene tiyenera kulikana. M'Chipwitikizi mankhwala a madzi amatchedwa cloro, matenda amatchedwa cólera. Mawu awiriwa amamveka ofanana. M'madera ena munabuka mphekesera yakuti anthu othira cloro m'zitsime akuthira cólera. Mu 2009, m'boma la Mogincual ku Nampula, mphekesera imeneyi inaphetsa anthu, ena mwa iwo odzipereka a Cruz Vermelha amene anabwera kudzathandiza. Anthu anali ndi mantha, abale awo anali kufa, ndipo panalibe amene anawafotokozera mokwanira. Ife tilembe mawu awiriwa pa bolodi, tiwayang'ane bwino. Cloro amapha cólera. Munthu akabwera kudzathira mankhwala m'chitsime chathu, timufunse, atifotokozere, ndipo tithire naye pamodzi. Safunsa anadya phula.

MANJA, CHAKUDYA NDI MALIRO

Mpanda wachitatu ndi manja. Tisambe ndi sopo pochoka kuchimbudzi, tikasintha mwana thewera, tisanaphike, tisanadye ndi tisanadyetse mwana. Sopo akasowa, phulusa lilipo. Pakhomo pa chimbudzi tipachike kachigubu koboola ka madzi.

Mwambo wosamba m'manja m'beseni limodzi tiusinthe. Woyamba amasamba madzi oyera, wotsiriza, amene nthawi zambiri ndi mwana, amasamba litsiro la onse. Tizithirirana madzi ndi chikho, beseni likhale pansi lolandira.

Chakudya chipse bwino ndipo tidye chikali chotentha. Nsima kapena ndiwo zogona tizitenthetsenso mpaka zitulutse nthunzi. Nsomba zipse mpaka m'kati. Zipatso titsuke ndi madzi abwino ndi kusenda. Mbale ziume pa thandala, osati pansi. Kudimba tithire manyowa a ziweto owolerana, osati zonyansa za munthu.

Za maliro n'zowawa kunena, koma tinene. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizilombo tambiri. Amene asambitsa thupi kenaka n'kukagwira chakudya angadwalitse mudzi wonse. Pa maliro otere tilole a zaumoyo akonze thupi ndi klorini. Tiike msanga. Tisaphike nsima ya khamu. Kumeneku si kunyoza malemu. Malemuyo sakanafuna kuti ana ake amutsatire kumanda sabata yomweyo.

WINA AKADWALA

Tibwerere kwa mnzathu, pakati pa usiku paja. Tichite chiyani?

Choyamba, amwe. Madzi akutuluka, madzi alowe. Ena amati wotsekula m'mimba asamwe kuti mimba iume. Limeneli ndi bodza lakupha.

Mankhwala ake ndi mistura, timapaketi tija ta mchere ndi shuga timene timapezeka kuchipatala ndi kwa APE wa m'mudzi. Paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi abwino. Paketi ikasowa, tipange tokha:

Lita imodzi ya madzi ophitsa ndi ozizira.
Masupuni a tiyi 6 a shuga.
Theka la supuni ya tiyi ya mchere.

Masupuniwo akhale osalaza pamwamba, osati a phiri. Mchere usapitirire muyeso, chifukwa wochuluka ndi woopsa, makamaka kwa ana. Lawani: isawawe mchere kuposa misozi. Yotsala ikatha tsiku limodzi, itayeni, pangani ina.

Wamkulu amwe monga angathere. Mwana wa zaka 2 mpaka 10 amwe theka la kapu kapena kapu yathunthu nthawi iliyonse akatsekula. Wosakwana zaka ziwiri timupatse ndi supuni, pang'onopang'ono, mpaka theka la kapu. Akasanza, tidikire mphindi 10, tiyambirenso mosafulumira. Woyamwa apitirize kuyamwa.

Kodi shuga ndi mchere zingachize matenda aakulu chotere? Shuga amathandiza matumbo kukoka mchere, ndipo mchere umakoka madzi kubwerera m'thupi. Mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ku Bangladesh, kolera anagwa m'misasa ya othawa nkhondo ku India. Madiripi anatha. Dokotala Dilip Mahalanabis anasungunula mchere ndi shuga m'migolo, nauza abale a odwala kuti aziwamwetsa. Kumene ankafa anthu pafupifupi 30 mwa 100, ofa anatsika kufika pa anayi mwa 100. Amene anapulumutsa anthuwo anali amayi ndi abale wamba, ogwira kapu.

Chachiwiri, tinyamuke. Tisadikire kuche. Njinga, ngolo, machira, chilichonse. Mistura ipite nafe, wodwala azimwa m'njira monse. Amene wafooka kwambiri, wosatha kumwa, afunika diripi, ndipo diripi ili kuchipatala kokha. Kumeneko ana amapatsidwanso mapiritsi a zinki.

Chachitatu, otsala pakhomo ataye zonyansa ndi masanzi m'chimbudzi, achape zovala ndi zofunda za wodwala ndi klorini kapena madzi owira, kutali ndi chitsime ndi mtsinje, ndipo asambe m'manja. Auze a mfumu ndi a zaumoyo tsiku lomwelo. Kubisa wodwala ndi kubisa moto m'denga la udzu.

KATEMERA

Akuluakulu pakati pathu akukumbukira katemera wamkulu wa 1976 mpaka 1979. Magulu a zaumoyo anayenda dziko lonse, kuchokera ku Rovuma kufika ku Maputo, kutemera nthomba, chikuku, chifuwa chachikulu ndi kafumbata. Anthu anaima pa mizere mudzi ndi mudzi. Mu 1980 kunalengezedwa kuti nthomba yatheratu pa dziko lonse lapansi. Ana athu saidziwa.

Kolera nayenso ali ndi katemera, wakumwa pakamwa. Mu Epulo 2019, Idai atapita, anthu oposa 800,000 a ku Beira ndi maboma oyandikana nawo analandira katemerayu m'sabata imodzi, ndipo mliri unazilala. Akafika kwathu, tipite tonse. Koma tidziwe kuti mphamvu yake imatha pakapita nthawi, ndipo sateteza ku matenda ena a m'mimba monga kamwazi ndi tayifodi. Chimbudzi, madzi abwino ndi manja osamba zimatseka njira ya onsewa pamodzi.

NTCHITO YA KOPERATIVA

Banja limodzi likakhala laukhondo koma mnansi wa kumtunda alibe chimbudzi, onse amamwa zofanana. Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano timagawana ntchito ya mbewu, ya feteleza, ya ngolo ndi ya nkhokwe. Tigawanenso ntchito ya moyo.

Nthawi yokumba zimbudzi ndi kukonza zitsime ndi chilimwe, tikatha kukolola, mvula isanagwe. Tiyambe ndi makomo a nkhalamba, a amayi amasiye ndi a olumala. Tisankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, oyang'anira chitsime. M'thumba la koperativa tipatule kandalama ka Certeza, sopo ndi mistura. Tigwirizaniretu kuti wina akadwala usiku, njinga kapena ngolo idzachokera kwa yani.

TIWERENGERE PAMODZI

Tinene kuti koperativa ili ndi mamembala 30. Nthawi yopalira, 6 adwala. Aliyense ali ndi womudwazika mmodzi wa m'koperativa momwemo. Onsewa sapita kumunda masiku 5. Ndi anthu angati achoka kumunda? Ndi anthu angati atsala? Ndi masiku angati a ntchito atayika?

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mudzi wathu umatunga madzi kuti? Kumtunda kwa malowo kuli chiyani?
2. Ndi makomo angati alibe chimbudzi? Chavuta n'chiyani?
3. Tikakhala kumunda timamwa madzi ochokera kuti?
4. Mkazi ndi mlamu a m'nkhani ija tingawayankhe chiyani?
5. Lembani m'kope muyeso wa mistura. Kawerengereni a kunyumba madzulo ano.

Abale ndi alongo, khasu limene timapalirira chimanga ndi lomwelo lokumbira chimbudzi ndi ngalande ya pachitsime. Chaka chino tiligwiritse ntchito zonse zitatu, kuti pokolola tidzakhalepo tonse.

Nkhondo ikupitirira!